Thanki ya Mateyala ya a Jailos

Alamu anga a Jailos Namuthuwa anakhala pamudzi pathu, kufupi ndi Milonde, zaka zoposa makumi awiri, koma chinthu chomwe ankachitcha chawo pamudzipo chinali chimodzi basi: thanki yachitsulo yowambiramo nyama, yokhala pa mateyala awiri a wilibala. Ine ndine Enifa, mng'ono wa akazi awo a Lines. Nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo, ndipo utsi wa thankiyo ndinaupuma kuposa wina aliyense, choncho ndili ndi ufulu wonena za mwini wake.

Kwawo kunali kutsidya, ku Mozambiki, kuseri kwa tauni ya Milanje. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa kantina ya Mpwitikizi wina yemwe iwo ankangomutchula kuti patarau. Mzunguyo anali ndi kanyumba ka njerwa kuseri kwa sitolo, kopanda zenera, komwe ankapachikamo nyama ya nkhumba kuti ipse ndi utsi. Ntchito ya a Jailos inali kuyang'anira moto wa kanyumbako kuti usazime komanso usayake. Chibalo cha Apwitikizi chitafika povuta anawoloka mtsinje wa Muloza ndi malaya a m'thupi okha, nalembedwa ntchito ku esiteti ya tiyi. Anayamba ndi kutchetcha, kenaka anawaika kofakitale, kosonkha bulugamu pamoto woumitsira tiyi. Moto unkawatsata munthu ameneyu kulikonse.

Achemwali anga a Lines ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Anakumana pa sikelo, poyezetsa masamba, ndipo sipanatenge nthawi a Jailos anabwera kwathu kudzafunsira mbeta. Wachibale analibe kuno. Amene anawaimira ngati nkhoswe anali a Mackson, mnzawo wa kuwekishopu, wowotcherera zitsulo, yemwe ubale wake ndi iwo unali wakuti onse anawoloka mtsinje umodzi.

Kwathu kuno wosamuka ndi mwamuna. Amabwera kwa mkazi ndi khasu, nkhwangwa ndi bulangete, namanga nyumba pa dothi la apongozi ake. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, ngakhale nthochi yomwe wabzala yekha ndi ya pamudzi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi timakhala pansi nkumusudzula mkamwiniyo, kumuthokoza ndi kumumasula kuti atenge khasu lake azipita kwawo. Akakhala wokalamba, wa ana akuluakulu, eni mudzi akhoza kumuuza kuti khalani. Koma mawu amenewo amachokera kwa eni. Mkamwini sawapempha.

A Jailos anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosayankhulayankhula. Akatuluka m'mawa ankandipatsa moni wa Chilomwe, "Mosheliwa, alamu," ine nkuwayankha kuti ndadzuka bwino koma mwamuna wanga wachiwiri sanandigulirebe chitenje. Chilamu chimenecho ankachilandira ndi kumwetulira kokha. Mkamwini ndi mlamba, amatero anthu, sachedwa kuterereka. Koma uyu sanali woterereka. Denga la amayi athu ankafolera ndi iye, manda ankakumba nawo, ndipo mowa ankamwa chipanda chimodzi nkubwerera kunyumba dzuwa likadalipo.

Mwana wawo Millie atayamba sukulu, a Jailos anayamba kuweta nkhumba, ndipo maganizo a kanyumba ka patarau kaja anawabwerera. Nkhumba ukapha kuno kotentha, nyama yotsala mawa lake yayamba kale kuitana ntchentche. Iwo ankadziwa njira yoisungira. Anaumba njerwa kudambo masiku a Sabata akaweruka kutchalitchi, naziwotcha bwinobwino, nazituta pamutu kudzaziunjika pabwalo. Nthawi imeneyo pamudzi pathu panalibe chilichonse cha njerwa zowotcha. Nyumba zonse zinali zomata.

Achimwene athu a Lyson ndiwo anali mwinimbumba, mlongo wathu wamkulu woyang'anira ife akazi ndi ana athu. Iwo ankakhala ku Chonde kwa akazi awo, nkumabwera panjinga kudzaona za pamudzi. Tsiku lina anafika a Jailos akuyeza pansi ndi chingwe, a Lines akusenda chinangwa pakhonde, ine ndili pomwepo.

"Njerwazi ndi za chiyani, alamu?" anafunsa a Lyson.

"Kanyumba ka utsi, alamu. Kakang'ono, kowambiramo nkhumba."

"Pa dothi la yani?"

A Jailos anayang'ana chingwe chawo.

"Kuwamba nyama sindikukukanizani ayi," anatero a Lyson. "Koma cha njerwa chimamera mizu. Tsiku lopita kwanu mudzachisenza bwanji? Mudzayamba kunena kuti apa mpanga, nkumavutitsa ana."

Mawuwo sanali chipongwe. Aliyense amadziwa kuti ndi mmene zilili. Koma pali zoona zina zosamuuza munthu mkazi wake ali pomwepo ndi mpeni wa chinangwa m'manja. Ine zinandipsetsa mtima kwambiri, moti achimwenewo ndinawapatsa tiyi wopanda shuga, shuga ali m'nyumba. A Jailos anakulunga chingwe chawo. Mawa lake anatuta njerwa zonse nkukaziunjika kuseri kwa khola la nkhumba. Palibe anazigwiritsa ntchito, palibenso anazipempha, chifukwa nkhani yake inali isanathe. Zinamera ndere, nkhuku nkumaikira mazira pamwamba pake.

Ndinkaganiza kuti za utsi zathera pomwepo. Koma kuseri kwa wekishopu ya ku esiteti kunali thanki yakale ya madzi, yotalika kuposa munthu, yonenepa moti amuna awiri sakanaikumbatira. Inali itaboka pansi ndi dzimbiri ndipo anaitaya pa zitsulo zakutha. A Jailos anapempha kwa kapitawo wa wekishopu, naloledwa. Loweruka lina iwo ndi a Mackson anaigubuduza kuchokera ku esiteti, kudutsa m'minda ya tiyi, mpaka kwathu. Phokoso lake linafika kale pamudzi eni ake asanaoneke. Pamlatho anakumana ndi ayufi ofunsa makhadi a chipani. Onse awiri anaonetsa awo, koma mnyamata wina anagwada nkusuzumira m'thankimo, kuopa kuti mwina mwabisala munthu wopanda khadi.

Ntchito yoisandutsa chowambira inawatengera chilimwe chonse, chifukwa ankaigwira akaweruka kofakitale. Mkati mwake munali phula lomwe anapaka kale kuti madzi asadye chitsulo. Anadzazamo mapesi ndi udzu nkuyatsa, kangapo konse, mpaka phulalo linatha. Utsi wake unali wakuda ndi wonunkha, ndipo zovala zanga zonse pachingwe zinada. Ndinawauza kuti akandidetseranso nsalu ndidzawasumira kwa ankhoswe ngati mwamuna wanga weniweni. Atatha kuwotcha analowamo ndi mchenga ndi zitsononkho za chimanga, nakwecha mpaka chitsulo chinayera.

Kenaka anaimika thankiyo chilili. Chitseko anachidula ndi chiselo ndi hamala, pang'onopang'ono, kutsata mzere womwe analemba ndi khala. Kugogoda kumeneko kunatigonthetsa m'kutu milungu ingapo, ndipo amayi athu ankati mkamwini wawo akufuna kudzutsa akumanda. Mahinjesi anachotsa pa chitseko chakale cha bafa. Mkati anapingasa zitsulo za bedi lothyoka, nayalapo waya wa khola la nkhuku poika nsomba. Ngowe zopachikira nyama anapinda kuchokera ku masipoko a njinga. Pamwamba anaboola nkuikapo paipi yotulutsira utsi, yovindikira ndi chitini chomwe ankachitsegula kapena kuchitseka malinga ndi mphepo.

Moto sanauike m'thankimo. Anadula mgolo pakati, nauika pambali chapansi, naulumikiza ndi thankiyo ndi kapaipi kena kafupi. Ndinawafunsa chifukwa chake akuzunguza zinthu chonchi, poti ife timawamba nsomba pamoto penipeni.

"Kumeneko nkuwotcha, alamu," anatero. "Moto ukhale kwaokha. Utsi wokha ndiwo ukaonane ndi nyama."

Mipata yonse anamata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa. Chomaliza chinali chimene sindinachimvetse poyamba. A Mackson anabwera ndi chimango chachitsulo chomwe anawotcherera kuwekishopu, cha miyendo iwiri kutsogolo ndi mateyala awiri a wilibala kumbuyo, ndi zogwirira ziwiri zazitali. Thanki ndi mgolo wake zinakhala pamenepo, zosakhudza dothi. Munthu ukatsamira pa zogwirirazo, chinthu chonsecho chinkayenda.

A Lines anachizungulira, manja ali kumbuyo. "Mateyalawa ndi a chiyani, abambo a Millie?"

"Kuti chizisuntha."

"Chipite kuti?"

A Lines anapita kuseri, nabwera ndi mwala waukulu, naukhomera kunsi kwa teyala. Imeneyo ndiyo inali mikangano ya banja limenelo. Anthu ena amatukwanizana mudzi wonse nkumva, koma awa ankakangana ndi mwala.

Kuwamba koyamba kunali tsoka, ndipo ndimasekabe ndikakumbuka. Panali anthu ocheka matabwa kuphiri omwe ankadutsa kwathu atasenza mkungudza. A Jailos anawapempha zidutswa zotsala. Anaganiza kuti mtengo wonunkhira bwino chotero upereka nyama yonunkhira bwino. Kwa patarau ankasonkha nthambi za malalanje, mkungudza anali asanauyesepo. Anapha kankhumba, nyama anaiviika m'madzi a mchere, adyo, tsabola ndi mandimu, naipachika m'mawa. Tsiku lonse pamudzi pankanunkhira ngati kwa kalipentala. Madzulo anatsegula chitseko, nyama ili yofiira bwino, yonyezimira, ife malovu ali chuchuchu. A Lines ndiwo anayamba kulawa. Anatafuna kawiri nkulavula.

"Abambo a Millie, mwatiphikira bokosi la maliro."

Inali yowawa, ya utomoni, yomata m'kamwa. Galu anainunkhiza nkuchokapo. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kwa zaka zambiri ndikaona anthu atasenza mkungudza ndinkafuula kuti alamu, ndiwo zanu zikudutsa. Iwo sanakhumudwe. Anawotchanso thanki yonse kuti fungo lichoke, nayamba kuyesa mitengo umodziumodzi. Bulugamu anamukana. Anakhazikika pa nthambi zouma za mango ndi gwafa, nkumawonjezera zitsononkho zonyowetsa pang'ono kuti moto usalilime.

Kuyambira pamenepo nyama yawo inadziwika. Nkhumba ya a Jailos inkakhala milungu osaonongeka, ndipo kachidutswa kakang'ono kankakometsa mphika wonse wa nandolo. Amalonda obwera ndi milamba yaiwisi panjinga ankatulira kwa iwo. Ankaipinda mchira kukamwa, nkuiyala pa waya, ndipo inkatuluka yakuda bwino, youma, yosapserera. Tsiku la msika ku Milonde dengu lawo silinkafika masana. Anthu a ku esiteti akalandira, a Lines ankapita nalo ku Chitakale. Patapita zaka anasiya ntchito ya kofakitale nkumangoona za thanki ndi munda.

Ankakhala pambali pake tsiku lonse pa kampando, dzanja lili pa chitsulo. Kutentha ankakuyeza ndi chikhatho. Utsi ukatuluka woyera kwambiri ankatseka chitini pang'ono, ukada ankachotsa chikuni. Munthu ukawayankhula ankamva, koma maso ali kupaipi. Ndinawauzapo kuti achemwali anga ali pa mitala, mkazi wamkulu ndi thanki. A Lines anati bola mkazi mnzawoyo sadya ndiwo, amangobweretsa.

Pakakhala ukwati kapena chinkhoswe m'midzi yoyandikana, anthu ankapempha kuti abwere nayo thankiyo. Ankachotsa mwala uja nkuikankha mumsewu, ikulira, mpaka kumaloko. Choncho anthu ankati mateyalawo anawaikira zimenezo, nkumawayamikira nzeru. A Lyson omwe, akabwera, ankadya nyamayo nkunyamula ina ya ku Chonde, naseka kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto. Sindikudziwa ngati ankakumbukira mawu awo aja. Ife atatu tinkawakumbukira. Thankiyo ikabwerako ku ukwati, a Lines ankabwezera mwala. Chaka china anabzala maungu pafupi dala, mpaka mphukira zinakulunga mateyala. A Jailos anazimasula bwinobwino osathyola ndi imodzi yomwe, nazilozetsa kwina. Mvula ikatha chaka chilichonse ankachotsa mateyalawo, kuwapukuta ndi kuwapaka girisi.

Zinkandiwawa kuona zimenezo. Munthu woti wakwirira amayi athu ndi manja ake, woti mwana wake wakwatiwa pamudzi pomwepo, nkumakhalabe ngati wodikira basi. Ndinawafunsa tsiku lina kuti kodi tinawalakwira chiyani ife akazi a pamudzi pano.

"Palibe, alamu," anatero. "Ndinauzidwa zoona. Munthu ukauzidwa zoona umakonzeka."

Kenaka kutsidya kunabuka nkhondo ija, anthu nkuyamba kuwoloka ndi mitolo pamutu. Boma linawamangira kampu cha ku Muloza. A Jailos ankapitako ndi milamba m'thumba, kukafunsa za mlongo wawo yemwe anamusiya kumudzi. Anapeza anthu a mudzi woyandikana ndi wawo. Anthuwo anawauza kuti kwawoko kulibe nyumba yoimirira, kwamera tchire, ndipo za mlongo wawoyo palibe ankadziwa. Anapitabe kangapo, kenaka anasiya. Kwawo komwe a Lyson ankanena kuja kunali kutatha. Komabe chaka chimenecho mateyala anawapaka girisi monga mwa nthawi zonse.

A Lines anayamba kudwala chifuwa nyengo ya chiperoni. Tinapita nawo kuchipatala, anatipatsa mankhwala, tinabwerako, tinapitanso. Thupi linangotha tikuona. Masana ena ndikuwamwetsa phala pakhonde, anayang'ana kuthanki nthawi yaitali.

"Enifa, mateyala aja," anatero.

"Ndamva, achemwali. Imwani phala."

Anamwalira sabata yotsatira. A Jailos anakagula okha matabwa a mkungudza kwa ocheka aja, ndipo bokosi likukhomedwa pabwalo fungo lija linadzaza mudzi wonse. Nthabwala yanga ya ndiwo zodutsa sindinainenenso kuyambira tsiku limenelo.

Titakolola, a Lyson anatumiza mawu kuti Loweruka abwera kudzasudzula. Lachisanu masana ndinapita kwa alamu ndi mbale ya makaka a chinangwa. Ndinawapeza atagwada pa thanki, chitini cha girisi chili pambali. Pakhonde panali mtolo womanga ndi luzi: bulangete, malaya, nkhwangwa ndi khasu, mpini uli kunja.

"Ulendo wa kuti?" ndinafunsa.

"Ku Muloza. Kukampu amalandira anthu a kwathu."

"Anthu a kwanu ndi ati? Millie ndi wa kuti? Adzukulu anu aja mukuti ndi a kuti?"

"Ndi a pano, alamu. Ine ndiye wa kutsidya."

"Ndiye mukankha chithanki ichi mpaka ku Muloza, ndi msana wanu umenewo?"

"Kumeneko anthu amadyanso."

"Bwanji osangowauza achimwene kuti mulibe kopita?"

Anapukuta manja pa kabudula. "Akudziwa."

Ndinabwerera kwanga mbale ili m'manja, kuiwala kuwasiyira. Ndinali ndi chisoni, koma mkwiyo ndiwo unali wambiri. Amuna awiri a imvi, wina sangapemphe, wina sanganene, ndipo pakati pawo munthu akupita kukagona mu tenti ngati mlendo wa dzulo.

Loweruka m'mawa tinakhala pansi pa mango. Amuna pamipando, ife akazi pamphasa chapatali, ine ndi Millie kutsogolo. A Mackson anabwera ndi ndodo, atakalamba, kudzaimira mbali ya mwamuna monga anachitira pa chinkhoswe. A Lyson anayankhula bwino, ndisawanamizire. Anathokoza a Jailos chifukwa chosunga mlongo wawo, kulera mwana, kudwazika matenda mpaka mapeto. Anati pamudzi pano sanamvepo mbiri yoipa ya iwo.

"Lero takumasulani, alamu," anatero. "Mulibe mangawa ndi ife. Mukafuna kukwatira, kwatirani. Njira yanu yayera."

Apo ndi pomwe pamabwera mawu aja akuti khalani, akakhala kuti abwera. Tonse tinadikira. A Lyson anayang'ana nsapato zawo. A Mackson anatsokomola. A Jailos anaomba m'manja mwaulemu, nathokoza, nadzuka. Anapita pakhonde kukatenga mtolo wawo, naukoleka pa chogwirira cha thanki. Kenaka anawerama nkugubuduza mwala wa a Lines kuuchotsa kunsi kwa teyala. Millie anayamba kulira chamumtima, nsalu ili kukamwa.

Pa nsudzulo mkazi sadzuka pamphasa amuna asanabalalike. Ine ndinadzuka. Hamala ya alamu inali pa kampando kawo. Ndinaitenga nkumenya kachitsulo kotsekera teyala, ndipo poti kanali ka girisi watsopano kanatuluka msanga. Teyala linagwa, thanki inapendama nkukhala pansi ndi ngodya imodzi, chitini cha pamwamba nkugubuduka mpaka kumapazi a a Mackson.

"Kankhani tsopano," ndinatero.

"Enifa, khala pansi," anatero a Lyson. "Ukuchititsa manyazi."

"Manyazi ndachititsa ine? Achimwene, dothi ili ndi la amayi, ndi langa ndi Millie. Inu mumangotisungira. Mukatha apa mukwera njinga kubwerera ku Chonde. Denga langa likadontha ndiitana ndani? Munthu uyu kwawo kunapsa, mukudziwa. Mawu amodzi okha akukukanikani?"

A Lyson sanakalipe. Anasisita bondo.

"Ine ku Chonde ndakalambira komweko," anatero. "Ndilibe ngakhale papaya woti nditi wanga. Mayi a kunyumba akatsogola, njinga iyi ndiyo katundu wanga. Ndani adzandiuze ine kuti khalani?"

"Ndiye mukufuna aliyense alaweko?"

Ndinawamvera chisoni achimwene anga nthawi imeneyo, koma hamala sindinaiike pansi. Anadzuka pang'onopang'ono, napita kuseri kwa khola la nkhumba. Tinamva nkhuku ikuthawa. Anabwerako ndi njerwa ziwiri, imodzi dzanja ili ina dzanja ili, zobiriwira ndi ndere, naziika pansi pafupi ndi thanki. Anabwereranso. Ulendo wachitatu Millie anawatsatira, mwamuna wake naye, kenaka akazi onse a pamphasa. A Mackson anatola teyala lija nkuliika pansi pa mpando wawo, nati linali lawo kuyambira kale ndipo linalo alitenganso.

A Lyson sanamangepo kanthu ka njerwa moyo wawo wonse. Anagwada nkuyamba kuzindandalika mozungulira mgolo wa moto, pa dothi lomwelo losasalaza, mzere uli khotikhoti. A Jailos anaima chapatali manja ali lende, akuyang'ana. Anapirira mzere woyamba. Pa wachiwiri analephera.

"Alamu, sizitero. Mwatseka polowera mphepo."

"Ndatseka pati?"

"Apo. Ndiponso popanda maziko, mvula ya kuno ichigwetsa chaka chomwechino."

A Lyson anaika njerwa pansi, napukuta thukuta ndi chipewa. "Ndiye kumbani maziko akewo. Ine sindizidziwa."

A Jailos anayang'ana dothi, nayang'ana a Lyson.

"Ndikumbe kuya bwanji?"

"Funsani eni dothi," anatero a Lyson, akuloza ine ndi mutu.

"Kumbani mpaka mutope," ndinatero.

A Jailos anapita pathanki. Kenaka anatsitsa mtolo uja pa chogwirira nkuyamba kumasula luzi, chifukwa khasu linali mkati.